Mpikisano wa Maenje ku Zidzatheka

Mu ufumu wa Tidzaonamawa munali msewu wa phula umodzi wokha. Unkayambira pa khonde la nyumba ya Mfumu Mpumulo Yachiwiri n'kukathera ku khola la ng'ombe zake. Misewu ina yonse inali fumbi m'chilimwe ndi phala m'dzinja, ndipo anthu anali atazolowera. Munthu akanena kuti ali pa ulendo, abale ake sankamufunsa kuti abwera liti. Ankangomufunsa kuti mbuzi zake wasiyira ndani.

Chaka china Mfumu inapita kukapepesa maliro a malume ake ku boma la Zidzatheka. Galimoto itagwa m'dzenje loyamba, chisoti chaufumu chinagunda denga n'kutsikira m'maso. Itagwa m'lachiwiri, Mfumu inadziluma lilime. Inabwerera kunyumba ikulankhula ngati ili ndi mbatata yotentha m'kamwa, ndipo lilime litangophwa inapereka lamulo. Boma la Zidzatheka lipatsidwe katapila watsopano wachikasu wokonzera misewu, khonsolo isankhe msewu umodzi woti ukonzedwe mvula isanagwe, ndipo Mfumu idzabwera yokha kudzautsegulira.

Mwa makhansala onse, amene nkhaniyi inawalowa mpaka m'mafupa anali a Yotamu Kamphinda a dera la Chigwenembe. A Kamphinda anali telala, munthu wamfupi wa mawu otsika, amene anthu anamusankha chifukwa m'dera lonselo ndi yekha amene anali ndi jekete. Msewu wa kwawo unali woti ngakhale abulu ankaima kaye n'kuganiza asanaulowe. Pakati pake panadutsa chigwembe chakuya chotchedwa Mmezangolo, chimene m'chilimwe munthu ankatsikamo chokwawa, ndipo m'dzinja sankachiyandikira n'komwe. Chipatala, msika ndi khonsolo zonse zinali kutsidya.

Chaka chimenecho mwana wawo Felida anali woyembekezera koyamba, ndipo masiku ake ankaoneka kuti adzakwana mvula ili pakati. Tsiku lopita ku msonkhano, akazi awo a Nagama anawapukutira jekete, n'kuwauza akuwakonza kolala:

"Bambo a Felida, jekete ili likabwere ndi msewu. Likabwera lokha ndilidula matewera."

A Kamphinda ananyamuka tambala atangolira, koma anakafika ku khonsolo dzuwa lili pamutu, atayera mbuu ngati atuluka m'chigayo. Anapeza msonkhano uli m'kati. Wapampando anali a Lankeni Mkutumula, bambo wa mimba yotsogola amene ankayenda ndi kabelu m'thumba ngakhale popita ku ukwati. M'mawa wonse makhansala anali atautha pokambirana za mtengo umene katapila azikhala pansi pake kuti asapse ndi dzuwa, ndipo nkhaniyo anaisiya m'manja mwa komiti.

Atafika pa za msewu, aliyense anaimirira ndi wake. Khansala wa ku Kwabakha anati uyambe ndi wopita ku mudzi wa kuseri kwa phiri, chifukwa mumayenda anthu m'mawa ndi madzulo. Atafunsidwa kuti anthu ake ndani, kunapezeka kuti ndi iye yemwe, popeza mkazi wake wachiwiri ankakhala kumeneko. Khansala wa ku Tagonapo anati uyambe wa kumanda, chifukwa ndi msewu wokhawo umene nzika iliyonse idzayendamo, yolemera ndi yosauka yomwe. Wapampando anati iwo ngati tate wa onse alibe mbali, koma angokumbutsa nyumbayo kuti chigayo chawo chimadyetsa boma lonse.

A Kamphinda atakweza dzanja, Wapampando analiza kabelu n'kunena kuti munthu wobwera mochedwa salankhula. A Kamphinda anapepesa, n'kufotokoza kuti achedwa chifukwa cha msewu.

"Nkhani ya msewu ndi imene tikukambirana," anatero Wapampando. "Simungaigwiritse ntchito ngati chifukwa isanathe."

Amene anathetsa phokoso anali injiniya wa khonsolo, a Saulosi Mjojo, amene anaphunzira kunja ndipo ankavala magalasi awiri, ena m'maso ena pachipumi. Iwo anati malinga ndi maphunziro, msewu woyenera kuyamba kukonzedwa ndi umene waipitsitsa. Komiti iyendere madera onse, ione ndi maso, ndipo dera la msewu woipa kuposa onse litenge katapila. Makhansala onse anaomba m'manja, chifukwa aliyense ankadziwa mumtima kuti woipitsitsa ndi wake. A Kamphinda anaomba kuposa onse. Pa moyo wawo wonse, aka kanali koyamba kuti Chigwenembe ilowe mpikisano umene ikanatha kupambana.

Chigamulocho chinalengezedwa pa msika wa Tsitsaniko tsiku la msika. Anthu anamvetsera mwachifatse. Mai Dolofina a ku Chigwenembe, amene ankaumba mbiya n'kumafika nazo pa msikapo zina zili mapale, anafunsa wolengezayo ngati wanena kuti woipitsitsa kapena wabwino kwambiri. Atawatsimikizira kuti woipitsitsa, iwo anati ndiye boma layamba kuyamikira anthu pa zimene amadziwa. Wokonza njinga wina anati iye aika kale oda ya masipoko. Pofika madzulo, pa msika ponse panalibenso khasu ngakhale limodzi logulitsa.

M'mawa mwake boma lonse la Zidzatheka linadzuka ndi ntchito yachitukuko imene silinaionepo. Amuna, akazi ndi achinyamata anatuluka ndi makasu, mapiki ndi mafosholo, akuimba nyimbo, kukakumba misewu yawo. Anthu amene zaka zonse ankadwala msana tsiku la chitukuko anaoneka akugwetsa thukuta. Khansala wa ku Tagonapo ankayendera anthu ake ndi nsungwi yaitali, akupima maenje, n'kumadzudzula aulesi amene akumba ofika m'mawondo okha. Kunabuka ngakhale milandu ya anthu a dera lina amene ankapezeka akukwirira maenje a anzawo mwakabisira. Mmodzi anagwidwa ndi wilibala ya dothi, ndipo anaweruzidwa kuti ndi mdani wa chitukuko.

Ku Chigwenembe kokha kunali bata. A Kamphinda anauza anthu awo kuti asavutike, msewu wawo unabadwa wopambana. Anabwerera pa makina awo n'kuyamba kusokera mdzukulu timalaya.

Komiti inanyamuka pa galimoto ya khonsolo, Wapampando kutsogolo, a Mjojo ndi a Kamphinda ndi makhansala ena kumbuyo. Ku Tagonapo anapeza bulu ali m'dzenje pakati pa msewu, makutu okha akuonekera. Mwini wake anali pambali akulira mokweza, ngakhale ena anaona kuti m'dzenjemo munali udzu wodulidwa bwino ndi ndowa ya madzi. Ku Kwabakha anthu anali atapatutsira mtsinje mu msewu, n'kuikamo abakha. Mkulu wina anakhala pa mpando m'mphepete akuwedza, ndipo komiti itafika anavuula mlamba wouma kale ndi utsi. A Mjojo anatsitsa magalasi apachipumi n'kunena kuti aka n'koyamba kuona msewu umene wafika poweta nsomba.

Atafika pa mphambano ya ku Chigwenembe, dalaivala anaima, anatuluka, anayang'ana kutsogolo, n'kubwerera kudzanena kuti iye ali ndi ana. Galimoto singalowe mmenemo. A Kamphinda anamwetulira mpaka m'makutu, n'kupempha komiti kuti itsike iyende pansi pang'ono, ikaone Mmezangolo. Wapampando anayang'ana nsapato zawo, kenako dzuwa, n'kuitanitsa msonkhano m'galimoto momwemo. Unali waufupi. A Mjojo ndi amene anapereka chigamulo kudzera pa windo.

"A Kamphinda, mpikisanowu ndi wa misewu yoipa. Msewu woipa ndi umene galimoto imayendamo movutika. Umene galimoto singalowemo si msewu. Kwanu kulibe msewu, ndiye palibe choti tikonze."

A Kamphinda anafunsa kuti nanga atani.

"Khalani kaye ndi msewu, uipe, komiti idzabwera," anatero a Mjojo, galimoto n'kutembenuka.

Tsiku limenelo a Kamphinda anayenda ulendo wa kwawo jekete atalipinda kukhwapa. Anthu atasonkhana pa bwalo la sukulu, anawafotokozera zonse osabisa. Ena anaseka, ena anatukwana, wina anati akagwetse khonsolo, koma atakumbukira mtunda anakhala pansi. A Nagama ndi amene ananena zimene zinamveka. Anati ngati mabwana akufuna njira yoti adzaonere kuipa kwa msewu, apatsidwe. Anthu ausalaze pang'ono chabe, moti galimoto ilowe ikulira, iwo adzaone okha.

Anthu anagwirizana kuti akonze pang'ono. Vuto linali kudziwa polekezera. Mai Dolofina anati dzenje lililonse limene linawaswerapo mbiya likwiriridwe, ndipo kunapezeka kuti amawadziwa onse ndi mayina awo. Banja lililonse linakana kuti dzenje lachionetsero lisiyidwe pakhomo pawo. Choipa kwambiri chinali a Kamphinda eni ake. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuwongola mipendero sangaone chinthu chokhota n'kugona tulo. Ankayenda ndi tepi ya utelala m'khosi, akuti apa pakwera, apa ngalande yapindika, phwasulani tiyambirenso. Atafika pa Mmezangolo, anthu anadula mabulugamu akuluakulu n'kuwayala, n'kuthira dothi pamwamba. Ngolo yoyamba itawoloka, amayi analulutira mpaka mawu kusasa, ndipo palibe amene anakumbukira kuti cholinga chinali kuipa.

Komiti itabweranso, galimoto inalowa ngati ikuyenda pa mphasa. Wapampando anagona tulo m'njira, chinthu chimene sichinawachitikirepo m'galimoto, ndipo anachita kuwagwedeza atafika. A Mjojo anatsika, anaponda pansi, anagogoda ndi chidendene, n'kugwira a Kamphinda chanza. Anati uwu ndi msewu wabwino kuposa yonse m'boma la Zidzatheka, kotero pa mpikisano wakhala wotsiriza. Anawonjeza kuti nkhani yokonza msewu popanda chilolezo cha khonsolo aikambirana tsiku lina.

Katapila anapita kwa anthu a ku Kwabakha, pa pepala. Kumufikitsa kumeneko ndiye kunakanika, chifukwa misewu yonse ya pakati inali itasanduka migodi. Jekapu, mphwake wa Wapampando amene anapatsidwa ntchito yoyendetsa katapilayo chifukwa anayendetsapo wilibala ya injini kwa azungu ena, ankangomuliza m'mawa uliwonse pansi pa mtengo, kuzungulira bwalo la khonsolo, n'kumuzimitsa. Mitambo inayamba kusonkhana. Kenako kunafika mthenga wa kunyumba ya Mfumu kudzanena kuti Mwinidziko akubwera sabata yamawa kudzatsegulira msewu watsopano, ndipo aphungu ake akupempha kuti lilime lachifumu libwerere lathunthu.

Khonsolo inakumana mwadzidzidzi. Itafufuza mozama, inapeza kuti msewu umene inasankha kuyambira pachiyambi unali wa ku Chigwenembe, ndipo katapila anaumaliza kale. Makhansala onse anavomereza kuti akukumbukira bwino. A Kamphinda anakweza dzanja, kabelu n'kulira. Pa mphambano panazikidwa chikwangwani chonena kuti msewuwu ndi mphatso ya Mfumu kudzera mwa khonsolo yake yakhama. Anthu a ku Chigwenembe anauzidwa kuti abise makasu, ndipo pa tsikulo aziomba m'manja mosaonetsa zikhatho. Pa msika, Mai Dolofina ankaonetsa makasitomala matuza a m'manja mwawo n'kumati awa ndi matuza a katapila, anangowasungitsa kwa iwo.

Tsiku la mwambo linafika kuli chifundi, kumwamba kuli bii. Nsanja inamangidwa ku Chigwenembe, kumapeto kwa msewu. Galimoto ya Mfumu inawoloka pa mabulugamu a pa Mmezangolo bwinobwino, ya nduna pambuyo pake, ya khonsolo kumapeto. Wapampando analankhula nthawi yaitali za mmene khonsolo inasowera tulo ndi mapulani. A Mjojo anafotokoza kuti dothi la msewuwo linapimidwa kunja. Mfumu inadula riboni, inakondwa, n'kunena kuti ikufuna kuona ndi maso ake katapila amene wagwira ntchito yokongola chotere, abwere apa imusisite.

Katapila anali ataimikidwa kutsidya kwa chigwembe, atavekedwa maluwa. A Kamphinda anathamangira kwa Wapampando n'kuwanong'oneza kuti mitengo ija anaiyalira ngolo ndi tigalimoto, osati chinthu cholemera ngati nyumba. Wapampando anatulutsa kabelu n'kukaliza pafupi ndi khutu lawo, kenako anakodola Jekapu.

Jekapu anabwera akumwetulira, dzanja limodzi akubayibitsa anthu. Katapila atafika pakati pa mlatho, mabulugamu anayamba kulankhula. Sanathyoke msanga. Anawerama kaye mwaulemu, ngati nawonso akulonjera Mfumu, kenako katapila anatsika pang'onopang'ono ndi maluwa ake mpaka pansi pa Mmezangolo. Jekapu anatulukira pa denga, akubayibitsabe chifukwa sanadziwe china chochita. Gulu la azimayi ovina linapitiriza nyimbo, poganiza kuti ndi mbali ya mwambo. Nthawi yomweyo dontho loyamba linagwa pa mphuno ya Wapampando.

Mvula imene inagwa tsiku limenelo inali ya mkokomo. Pofika madzulo Mmezangolo anali atadzaza mpaka m'milomo, madzi ofiira akukokolola zitsa. Mfumu, nduna zake, Wapampando ndi khonsolo yonse anali ku Chigwenembe. Nyumba yachifumu, asilikali, ophika ndi ng'ombe zinali kutsidya.

Nyumba ya malata m'mudzimo inali ya a Kamphinda yokha, choncho Mfumu inagona mmenemo, pakati pa makina osokera ndi milu ya nsalu. Nduna zinagona m'kalasi. Kutacha Mfumu inakhala pa khonde itafunda chitenje cha a Nagama, ikuyang'ana mvula. Felida anadutsa pabwalo pang'onopang'ono atagwira msana, ndipo Mfumu inafunsa kuti mwanayu akachirira kuti. A Kamphinda anayankha kuti kutsidya, Mwinidziko, kumene kuli zonse. Mfumu inangoti mmm, n'kufunsa funso limene linali pamtima pake, loti madziwa amaphwa liti.

A Nagama, amene anali atagwada ndi beseni la madzi osamba m'manja, anayankha mwaulemu wonse.

"Musade nkhawa, Mwinidziko. Kuno madzi sachedwa. Ikangotha Epulo timawoloka."

Umenewo unali mwezi wa Disembala. Mfumu inayang'ana a Nagama, inayang'ana denga limene linkadontha pakona, inayang'ananso mbale ya mbatata ndi chigwada imene inali kubwera. Kenako inaimirira, chitenje chili m'mapewa, n'kuyenda pansi mpaka pa chigwembe, nduna zikuterereka pambuyo pake. Kutsidya kunali kutasonkhana asilikali ndi akuluakulu a boma. Mfumu inakuwa mawu ochepa kwambiri, amene olemba mbiri sanawalembe onse, koma tanthauzo lake linali mlatho.

Zimene zinachitika pambuyo pake anthu a ku Zidzatheka amazikambabe. Sipanakhale komiti. Palibe amene anafunsa tanthauzo la mlatho. Simenti imene khonsolo inkati ikusowa m'dziko lonse inapezeka yambirimbiri, ina kuseri kwa chigayo cha Wapampando, amene anati ankaisungira tsiku ngati limeneli. Zitsulo zinachokera ku nyumba ya nduna ina imene inali isanathe. Asilikali anakwirira maenje a m'njira kuti malole adutse, eni maenjewo akuyang'ana mwachisoni. A Mjojo anaoneka atagwira fosholo, magalasi onse awiri ali m'thumba. Mfumu inkabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pa chitsa, ndipo nthawi iliyonse imene yadya chigwada ntchito inkathamanga kwambiri.

Mwezi usanathe, pa Mmezangolo panaima mlatho wa simenti ndi zitsulo, wotakata moti ngolo ziwiri n'kupambana. Pansi pake katapila ankaonekera denga lokha, achule atakhalapo.

Tsiku lowoloka, mkulu wa mwambo analengeza kuti malinga ndi chikhalidwe cha ufumu, woyamba kuponda mlatho watsopano ndi Mwinidziko. Galimoto inayandikira, n'kuima. Mfumu inasuzumira pa windo, inaona denga lachikasu lija m'madzi, n'kukumbukira mmene mabulugamu anaweramira. Inati chikhalidwe ndi chabwino, koma payambe padutsa kaye munthu wamba, makamaka wokhala ndi katundu.

Wapampando anayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wamba, ndipo makhansala onse anabwerera m'mbuyo. Nthawi yomweyo kumbuyo kwa gulu kunamveka mabelu a ng'ombe. Inali ngolo, a Kamphinda ali kutsogolo ndi chikwapu chimene sankadziwa kugwira, a Nagama ndi Mai Dolofina ali m'kati atagwirizira Felida, amene matenda anali atamuyamba m'bandakucha. A Kamphinda, amene moyo wawo wonse sanadutsepo kutsogolo kwa munthu wamkulu osavula chipewa, anangoti zikomo, zikomo, tidutse nawo, osaima. Asilikali anapatuka. Ngolo inakwera pa mlatho, inawoloka, n'kupitirira cha ku chipatala.

Mfumu inadikira mpaka ngoloyo itazimiririka, inafunsa ngati mlatho wagwedezeka, ndipo itauzidwa kuti ayi, inawoloka itatsinzina.

Felida anachira madzulo a tsiku lomwelo, mwana wamkazi wonenepa wa mawu aakulu kuposa a agogo ake aamuna. Wailesi ya ufumu inalengeza kuti Mfumu, mwa chikondi chake pa amayi, inaimitsa galimoto yake kuti woyembekezera adutse. A Kamphinda atamva anati zilibe kanthu, bola anadutsa. Khonsolo inapatsa Wapampando mendulo, ndipo mlandu wa kukonza msewu popanda chilolezo unaimitsidwa kaye mpaka atapezeka munthu woti aulembe.

Madera enawo anatsala ndi maenje amene anakumba okha, ndipo dzinja limenelo abakha anachuluka kwambiri m'boma la Zidzatheka. Koma makhansala sanali anthu ogona. Anakhala pansi, anaganiza mofatsa za zimene zinachitikira anzawo, n'kutolapo phunziro. Chaka chotsatira, mitambo itangoyamba kuda, kunyumba ya Mfumu kunayamba kufika mauthenga oiitanira ku maukwati, ku zinamwali ndi kotsegulira zimbudzi za sukulu, ndipo mwambo uliwonse unkapezeka kuti uli kutsidya kwa mtsinje. Khansala wa ku Tagonapo anakwatitsa mwana wake mmodzi yemweyo kawiri. Mfumu inayamba kudwala chimfine chaka chilichonse kuyambira Novembala.

Ku Kwabakha sanataye mtima. Pa mtsinje wawo anamangapo mlatho wa mapesi, anaumata dothi n'kuupaka laimu, moti ukauonera patali umangoti waa ngati wa simenti. Anthu a komweko amawolokera pansi, kuopa kuuwononga. Ndipo mpaka lero, kumwamba kukangoti bii, khansala wawo amavala suti, amanyamula riboni ndi sizasi, n'kukakhala kutsidya pa mpando, maso ali kunjira.